Donald Kachamba: Woimba wa ku Chileka Amene Adasanduka Mphunzitsi pa Yunivesite

Msewu wakale wochokera ku Blantyre kupita ku Mwanza unkadzera ku Chileka, nkutsetserekera ku Mpatamanga kumene mtsinje wa Shire umadzipanikiza pakati pa matanthwe, kenaka nkukwera zitunda mpaka kukafika pa chipata cha dziko lino. Kuchokera pamenepo wapaulendo ankalowa ku Zobue, nkuoloka Zambezi pa Tete, ndi kulunjika ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare. Anthu osawerengeka a ku Nyasaland adayenda njira imeneyi pokafuna ntchito, ndipo pobwerera kwawo sankangosenza masutikesi, mabulangete ndi njinga zokha ayi, ankabweranso ndi nyimbo m'mitu mwawo. Mwa nyimbo zimenezi mudali mtundu wina wotchedwa kwela, umene udadzapeza kwawo kwachiwiri m'mudzi wa Singano, m'dera la Mfumu Kuntaja, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka.

M'mudzi umenewu ndimo mudakulira malemu Donald Kachamba, katswiri wa chitoliro ndi gitala, amene adayamba kuimba m'mbali mwa misewu ya mu Blantyre ali mwana, koma pomwalira adali ataimirira kale pamaso pa ophunzira a pa yunivesite ya ku America monga mphunzitsi wawo. Mbiri yake ndi yofunika kwa aphunzitsi, makolo ndi onse oyang'anira maphunziro, chifukwa ikuonetsa poyera chimene chimachitika mwini luso ndi anthu a sukulu akagwirana manja mopatsana ulemu. Luso limene likadathera m'manda pamodzi ndi mwini wake lidalembedwa, lidajambulidwa, ndipo koposa zonse lidalowa m'manja mwa ana ena amene adalipitiriza.

UBWANA WAKE

Donald adabadwa m'chaka cha 1953, chaka chomwecho chimene atsamunda adakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake Daniel, amene anthu ambiri amamukumbukira ndi dzina loti Dr. Daniel Kachamba, adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947. Masiku amenewo mafakitale ndi ntchito zolipira bwino zidaunjikana ku Southern Rhodesia, kotero kuti mabanja ambiri a kuno ankasiya minda yawo nkupita kukakhala kumeneko. Banja la bambo awo, a James Kachamba, lidachita chimodzimodzi, ndipo lidakhala ku Salisbury kuyambira m'chaka cha 1957 mpaka 1961. Popita kumeneko Donald adali kamwana ka zaka zinayi, ndipo pobwerera adali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Zaka zimenezi ndi zochepa, komabe m'mera mpoyamba: zimene khutu la mwana lamva pa msinkhu umenewu sizichokamo msanga.

Chimene anyamata awiriwa adamva m'makomboni a ku Salisbury chidali kwela. Nyimbo imeneyi idabadwira ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, pakati pa ana osauka amene ankamvera jazi ya anthu akuda a ku America m'makanema ndi pa galamafoni. Iwo ankasirira malipenga akuluakulu a oimba aja, koma popeza adalibe ndalama zogulira, adatola kachitoliro kachitsulo ka mabowo asanu ndi limodzi kamene kankagulidwa ndi makobiri ochepa, nayamba kukaliza mwa njira yawoyawo. Posakhalitsa maina a Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adamveka ponseponse, ndipo m'chaka cha 1958 nyimbo ina ya gulu la Elias Lerole idagulidwa kwambiri mpaka ku Britain. Mbale za galamafoni pamodzi ndi wailesi zidafalitsa kwela kumpoto kwa Limpopo, ndipo anyamata a ku Bulawayo, Salisbury, Lusaka ndi Blantyre adayamba kutsanzira.

LUSO LOSALEMBEDWA M'BUKU

Pofuna kumvetsa chifukwa chimene masukulu a ukachenjede adadzafunira Donald Kachamba mwini wake, osati mbale zake zokha, nkofunika kudziwa mmene kwela imaimbidwira. Amene adapanga kachitoliro kaja ku Ulaya adafuna kuti munthu azikagwira molunjika, nsonga yokha ili pamilomo. Woimba kwela satero. Iye amalowetsa mutu wa chitoliro m'kati mwa kamwa, naupendeketsa cha kutsaya, kotero kuti milomo imaphimba pang'ono kazenera kotulukira mpweya. Akatero liwu limatuluka lalikulu ndi lonenepa, ndipo amatha kulikweza kapena kulitsitsa pang'onopang'ono ngati munthu amene akuimba ndi pakhosi. Palibe buku limene lingaphunzitse mwana kapendekedwe kameneka. Ayenera kukhala pafupi ndi wodziwa, kuyang'anitsitsa kamwa yake, kuyesa, kulephera, ndi kuyesanso.

Zipangizo zina za gulu la kwela nazonso zidali za anthu osauka koma anzeru. Padali gitala wamba wopanda magetsi, amene abale a Kachamba ankamuimba ndi nsambo zisanu mmalo mwa zisanu ndi imodzi. Padali besi ya chingwe chimodzi, yopangidwa ndi bokosi la matabwa longa lija losungiramo masamba a tiyi, ndodo ndi chingwe. Woimba amakoka kapena kufewetsa chingwecho poweramitsa ndodo, ndipo liwu limakwera kapena kutsika. Padalinso maseche osunga kayendedwe ka nyimbo. Gitala ndi besi zimazungulira pa kanjira kafupi kobwerezabwereza, pamene wachitoliro amayenda pamwamba pake momasuka, kupeka zatsopano nthawi yomweyo. Mavinidwe ake adali ndi maina awo: sinjonjo, saba-saba, simanje-manje, lumba, ndiponso hauyani, imene imaimbidwa poyendetsa botolo pa nsambo za gitala.

Atabwerera ku Chileka, Daniel adakhazikitsa gulu la anyamata, iye ali pa gitala, mng'ono wake Donald ali pa chitoliro. Ankaimba pa maphwando, m'misika ndi m'mbali mwa misewu ya mu Blantyre, odutsa nkumawaponyera makobiri. Chodabwitsa nchakuti pa nthawi imeneyi kwela idali itayamba kale kuzilala kwawo ku South Africa, kumene makampani ojambula nyimbo adatembenukira ku malipenga ndi magitala a magetsi. Motero mbewu imene idauma m'munda mwa mwini wake idamera bwino m'dimba la mnansi. Abale awiriwa sadangosunga zimene adamva ku Salisbury, koma adazisakaniza ndi Chichewa ndiponso ndi kaimbidwe ka kwawo, mpaka nyimboyo idasanduka ya ku Chileka.

KUKUMANA NDI MLENDO

M'chaka cha 1967 ku Malawi kudafika munthu wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna m'dziko la Austria, dzina lake Gerhard Kubik, pamodzi ndi mnzake Maurice Djenda wa ku Central African Republic. Kubik, amene adabadwa m'chaka cha 1934, adali woimba jazi asadayambe kafukufuku, ndipo pa ulendo wake woyamba wa mu Africa, umene adauyamba m'chaka cha 1959, adakhala pansi ku Uganda nkuphunzira mangolongondo a Abaganda kwa katswiri wotchedwa Evaristo Muyinda. Choncho adali munthu wodziwa kale kuti mphunzitsi weniweni wa nyimbo za mu Africa ndi mwini nyimbozo. Atamva gulu la abale a Kachamba likuimba mu Blantyre, adawatsatira mpaka kwawo ku Singano, nawajambula mawu ndi kanema yemwe. Apo nkuti Donald ali ndi zaka 14.

Alendo ojambula nyimbo adafikapo kale m'dziko muno. Hugh Tracey, amene adayambitsa nkhokwe yaikulu ya nyimbo za mu Africa ku South Africa m'chaka cha 1954, adayendera Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 nasunga nyimbo zambiri zimene zikadaiwalika. Ntchito yotere ndi yotamandika, koma kawirikawiri wojambula ankafika m'mudzi, nkutchera makina ake, nkupita, woimba nkutsala monga momwe adaliri. Chimene chidasiyanitsa ubale wa Kubik ndi a Kachamba nchakuti mlendoyo adabweranso, ndipo adapitiriza kubwera kwa zaka zoposa 30. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma pano mlendo adapeza kuti eni mudzi nawonso ali ndi kalumo kawo, ndipo adavomera kumetedwa nako.

Chipatso choyamba cha ubalewu chidali buku. M'chaka cha 1974 nthambi yofufuza za Africa pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka idasindikiza buku la Kubik lotchedwa The Kachamba Brothers' Band. Masiku amenewo anthu ambiri ophunzira ankaganiza kuti nyimbo zoyenera kufufuzidwa ndi za makolo zokha, za ng'oma ndi magule, ndipo kuti nyimbo za magitala ndi zongotengera kwa Azungu. Bukuli lidaonetsa kuti nyimbo za anyamata a m'misewu zili ndi malamulo ake, mbiri yake ndi nzeru zake, ndipo kuti ngakhale chipangizo chili chochokera ku Ulaya, maganizo oyendetsa zala ndi a mu Africa. Kuyambira pamenepo dzina la Kachamba lidalowa m'mabuku amene ophunzira za nyimbo amawerenga m'maiko ambiri.

KALASI YOYENDAYENDA

M'chaka cha 1972 abale awiriwa adayamba kuitanidwa kunja kwa dziko lino. Patapita nthawi njira zawo zidasiyana. Daniel adatchuka kwambiri kuno kumudzi monga woimba gitala payekha, ndipo nyimbo zake zinkamveka kawirikawiri pa wailesi ya MBC kufikira imfa yake pa 25 Julaye, 1987. Donald adakhazikitsa gulu lakelake, ndipo m'gulu limenelo Kubik adalowamo monga woimba wamba, akuliza chitoliro chachizungu chotchedwa clarinet. Gululi lidayenda m'maiko oposa 30 a mu Africa, Ulaya ndi America, ndipo maulendo ena adathandizidwa ndi bungwe la chikhalidwe la dziko la Germany lotchedwa Goethe-Institut.

Ambiri mwa malo amene ankaimbako sadali mabwalo a zisangalalo, koma mayunivesite, nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi misonkhano ya anthu ofufuza. Kachitidwe kawo kadali kophweka. Kubik ankafotokoza mbiri ya nyimboyo ndi kapangidwe kake, ndipo Donald ankaonetsa pomwepo chimene chikunenedwacho, omvera akuona ndi maso ndi kumva ndi makutu. Tsono ikafika nthawi yoimba, maudindo ankatembenuka: mwini digiri uja ankatenga chitoliro chake nkumvera mtsogoleri wa gulu, amene adali mnyamata wa ku Singano. Pamenepa ndi pamene pagona phunziro lalikulu la moyo wa Donald Kachamba. Sadayende maiko ngati chinthu chokaonetsa kwa Azungu, koma ngati mnzake wa mphunzitsi, wodziwa mbali imene mphunzitsiyo sakadaikwanitsa yekha.

Aliyense mwa awiriwa adali ndi chimene mnzake adalibe. Wa ku yunivesite adali ndi makina ojambulira, njira yosindikizira mabuku, ndi makiyi a zitseko zimene woimba wa kumudzi sakadatha kugogodapo. Woimbayo adali ndi luso lenilenilo, chinenero, ndi chidziwitso cha anthu ndi miyambo yawo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Popanda Donald, maphunziro a Kubik onena za kwela akadakhala mawu ouma a papepala. Popanda Kubik, luso la Donald likadamveka ku Chileka ndi ku Blantyre kokha, nkuzilala monga momwe lidazilalira la anzake ambiri amene lero palibe owakumbukira.

Ntchito imeneyi idapindulitsanso maphunziro a kuno kwathu. M'chaka cha 1987 Yunivesite ya Malawi, kudzera mu nthambi yake ya zaluso pa Chancellor College ku Zomba, idasindikiza buku lotchedwa Malawian Music: A Framework for Analysis. Pa bukuli palembedwa dzina la Kubik pamodzi ndi maina a omuthandiza atatu: Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba. Lidakonzedwa kuti lithandize aphunzitsi ndi ophunzira a ku Malawi kuzukuta nyimbo za dziko lawo poyambira pa nyimbo zomwezo, mmalo mozipima ndi muyeso wa nyimbo za ku Ulaya. Motero mnyamata amene ankatoleredwa makobiri pa msewu adaikidwa m'gulu la ofufuza pa buku la yunivesite ya dziko lake.

SUKULU YA PABWALO

Ngakhale adayenda kutali chotero, Donald sadasamuke ku Singano. Akabwera ku ulendo ankasonkhanitsa anyamata a m'mudzimo nkumawaphunzitsa chitoliro, gitala ndi besi, monga momwe mkulu wake adamuphunzitsira iye. Sukulu imeneyi idalibe belu, bolodi kapena mayeso, koma zipatso zake zikuoneka. Moya Aliya Malamusi, amene adabadwa m'chaka cha 1959, adalowa m'gulu la Donald ali mnyamata, akuimba besi ya chingwe chimodzi. Kuchokera pamenepo adayamba kufufuza yekha za nyimbo ndi nthano, ndipo m'chaka cha 1989 adakhazikitsa ku Chileka bungwe losonkhanitsa ndi kusunga nthano, nyimbo ndi zipangizo za makolo, lotchedwa Oral Literature Research Programme. Pambuyo pake adalandira digiri ya udokotala pa Yunivesite ya Vienna.

Nkhani ya Malamusi ikuyankha funso limene makolo ambiri amafunsa, lakuti kodi gitala angamufikitse kuti mwana. Kwa nthawi yaitali m'dziko muno woimba gitala ankaonedwa ngati munthu wosalongosoka, woyendayenda m'mabwalo a mowa, ndipo mwana wopezeka ndi banjo ya chigubu ankakalipiridwa kuti akutaya nthawi ya sukulu. Komatu apa bokosi la matabwa ndi chingwe chimodzi ndizo zidatsegulira mnyamata wa kumudzi njira ya maphunziro apamwamba. Luso silipikisana ndi sukulu. Likapeza womulangiza bwino mwana, limamuphunzitsa kumvetsera, kudekha, kugwirizana ndi anzake ndi kufunsa mafunso, ndipo zimenezi ndi zomwenso sukulu imafuna.

KU LOS ANGELES

Ulemu waukulu pa moyo wa Donald udadza m'miyezi yomaliza ya chaka cha 1999, pamene University of California ya mu mzinda wa Los Angeles, imene imadziwika ndi dzina lachidule loti UCLA, idamuitana kuti akakhale pa sukulupo monga katswiri wophunzitsa luso lake. Yunivesite imeneyi ili ndi mwambo wakale pa nkhaniyi. M'chaka cha 1960 mphunzitsi wina dzina lake Mantle Hood adayambitsa pamenepo nthambi yofufuza nyimbo za mitundu ya anthu, ndipo chiphunzitso chake chidali chakuti munthu sangamvetse nyimbo za mtundu wina pongowerenga. Ayenera kuphunzira kuziimba, monga momwe wofuna kudziwa anthu amaphunzirira chinenero chawo. Chifukwa cha ichi sukuluyi idazolowera kuitana eni luso ochokera ku Indonesia, Ghana, Japan ndi maiko ena kuti adzaphunzitse.

Choncho Donald Kachamba sadaitanidwe chifukwa cha mapepala a sukulu, koma chifukwa cha zimene zidali m'zala ndi m'mutu mwake. Ophunzira a ku America, ozolowera kuwerenga nyimbo pa manotsi, adakhala pansi nkuphunzira kwela ya ku Chileka kwa mwini wake, ndipo adapanga naye gulu loimba. Zina mwa zimene adaimba pamodzi zidajambulidwa, ndipo pambuyo pake yunivesiteyo idazitulutsa pa chimbale chotchedwa Donald Kachamba at UCLA: Fall 1999. Awerengi aganizire bwino za ulendo umenewu. Jazi idachoka ku America nkukafika ku Johannesburg, idasanduka kwela nkukwera mpaka ku Salisbury, idalowa m'Malawi nkukhazikika ku Singano, ndipo patapita zaka pafupifupi 50 idabwerera ku America itavala Chichewa, Mmalawi ali mphunzitsi wake.

Kuti kuitana mwini luso pa sukulu kumabala zipatso zokhalitsa, umboni wina ukuchokera kwa anansi athu. M'chaka cha 1968 University of Washington ya ku Seattle idaitana Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe kuti akaphunzitse mbira ndi marimba, ndipo adakhala pa ntchitoyo mpaka 1972. Ophunzira ake adaphunzitsa ena, enawo naphunzitsanso ena, kotero kuti magulu oimba marimba a Chishona adafalikira m'mizinda ndi m'masukulu a chigawo chimenecho cha America. Maraire mwini wake adaphunzira pa Kwanongoma College ku Bulawayo, sukulu imene idakonza marimba oyenera kuphunzitsira ana. Kusiyana kwake ndi Donald nkwakuti Maraire adapatsidwa zaka, pamene Donald adapatsidwa miyezi yowerengeka.

Mwayi wobwereranso sudapezeke. Donald Kachamba adamwalira pa 12 Januwale, 2001, patangopita chaka chimodzi chibwerere ku America, asadakwanitse zaka 50. Komabe chitoliro sichidakhale chete ku Singano. Anyamata amene adawaphunzitsa, monga Sinosi Mlendo, pamodzi ndi Malamusi, Kubik ndi Christopher Gerald, adapitiriza kuimba m'dzina lake pa gulu lotchedwa Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band, ndipo adayendanso nalo ku Ulaya. Mbale ndi mabuku zidasunga mawu a nyimbo zake, koma amene adasunga kaimbidwe kake ndi ana aja amene ankakhala naye pabwalo.

PHUNZIRO KWA MASUKULU A KU MWANZA

Tsono mbiri imeneyi ikunenanji kwa sukulu ya ku Thambani, ya kwa Kanduku kapena ya kwa Nthache, m'boma lija limene msewu wa ku Chileka unkathera? Boma la Mwanza lakhala khomo la dziko lino kwa zaka zambiri, ndipo pakhomo ndi pamene pamadutsa zambiri. Kuli Angoni ndi ngoma yawo. Kutsidya kwa malire kuli chigawo cha Tete, kwawo kwa Anyungwe odziwika ndi gule wa nyanga, amene amuna ambiri amaliza timatoliro ta bango, aliyense liwu lake, uku akuvina mozungulira. Gule ameneyu ndi amene Malamusi adamufufuza mozama. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha m'chaka cha 1992, anthu miyandamiyanda othawa kwawo adakhala m'bomali pamodzi ndi nyimbo zawo. Dera lotere silingasowe akatswiri a ng'oma, osema, oumba, oluka ndi okamba nthano.

Mbali inayo, pamene maphunziro a pulayimale adakonzedwanso kuyambira m'chaka cha 2007, mudaikidwa phunziro la Expressive Arts, lophatikiza nyimbo, magule, zisudzo, zojambula ndi masewera olimbitsa thupi. Cholinga chake nchabwino, koma katundu wake ndi wolemera. Mphunzitsi mmodzi, amene akuphunzitsanso masamu ndi Chingerezi m'kalasi yodzaza, sangakhale katswiri wa zonsezi. Chosavuta kwa iye ndi kulemba pa bolodi maina a magule ndi zipangizo kuti ana aloweze pokonzekera mayeso. Mapeto ake mwana amadziwa kuti bangwe ndi chipangizo cha nsambo, koma sadaimvepo ikulira, pamene mwina nkhalamba yodziwa kuimba bangweyo ikukhala kuseri kwa phiri lomwelo, ndipo mdzukulu wake ali m'kalasi momwemo.

Moyo wa Donald Kachamba ukuonetsa zinthu zitatu zofunika kuti mgwirizano wotere ukhale waphindu. Choyamba ndi ulemu. Mwini luso akaitanidwa pa sukulu alandiridwe ngati mphunzitsi, apatsidwe mpando ndi nthawi yake, osati kungomuitana tsiku lobwera alendo kuti adzasangalatse anthu kenaka nkumuiwala. Chachiwiri ndi nthawi. Ubale wa Donald ndi Kubik udatenga zaka 34, kuyambira 1967 mpaka 2001, ndipo ndi kutalika kwakeko kumene kudabala mabuku, ophunzira ndi olowa m'malo. Ulendo umodzi pa chaka sungaphunzitse mwana kuomba ng'oma, koma masana amodzi pa sabata kwa chaka chathunthu angathe. Chachitatu ndi mphotho. Wosiya khasu lake kuti adzaphunzitse ana a eni ayenera kuthokozedwa mooneka, ngakhale ndi zochepa zimene komiti ya sukulu ndi makolo angasonkhe, ndipo dzina lake litchulidwe pa chilichonse cholembedwa kapena kujambulidwa kuchokera kwa iye.

Pamenepa mphunzitsi sachepetsedwa ayi. Ntchito yake ikhala yonga ija ya Kubik: kukonza nthawi, kufunsa mafunso amene ana sangaganize kufunsa, kulemba mbiri ya mwini lusoyo ndi ya nyimbo zake, ndi kulumikiza zimene ana aona ndi maphunziro ena. Chingwe cha besi chikakokedwa liwu limakwera, ndipo pamenepo pali phunziro la sayansi. Njira imene kwela idayenda kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Chileka ndi phunziro la mbiri ndi la mapu. Mawu a nyimbo za pamtondo ndi phunziro la Chichewa. Ngakhale makina ojambulira, amene m'chaka cha 1967 adali osowa ndi olemera kunyamula, lero ali m'thumba mwa aphunzitsi ambiri, pakuti foni ya m'manja imajambula mawu ndi kanema yemwe.

Chotsala ndi changu, chifukwa eni luso sadikira. Daniel Kachamba adamwalira ali ndi zaka 40, Donald asadafike 50. Zimene akudziwa anthu lero za kaimbidwe kawo zilipo chifukwa wina adafika pa nthawi yake, nakhala pansi, naphunzira. M'midzi ya ku Mwanza, monganso m'maboma ena onse, muli amuna ndi amayi amene luso lawo silidalembedwe paliponse, ndipo maliro aliwonse a munthu wotere amakwirira nyimbo zimene sizidzamvekanso. Yunivesite ya ku Los Angeles idatuma uthenga kuoloka nyanja kuti ipeze mphunzitsi wa ku Singano. Sukulu ya kumudzi siyenera kuoloka nyanja; mphunzitsi wamkulu angotuma mwana ndi kalata kwa a mfumu, kufunsa kuti m'mudzimo wodziwa ng'oma, bangwe kapena nthano ndani, ndi kumupempha kuti abwere Lachisanu masana.